Madzi a m'nthiti mwa Adada Longwe

Ana anga Tawonga, Wongani ndi Chisomo, za ubwana wanga ku Dedza munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikamba bwino kuposa ine ngakhale amathiramo mchere wambiri. Tsopano poti ndapuma pantchito ndipo manja ayamba kunjenjemera ndikagwira cholembera, ndati ndikulembereni za ntchito yanga ndisanayambe kusokoneza mayina. Ndiyambira pomwe ndinayambira.

Juni, chaka changa choyamba ku Mzuzu

Kalata yonditumiza ku Mzuzu itafika ndinalira. Anzanga omwe tinamaliza nawo maphunziro a ukilinikala ofesa anawatumiza kufupi ndi kwawo, ine ndekha kumpoto, kumene ndinalibe wachibale ngakhale mmodzi. Ndinatsika basi kukuwaza kamvula kosatha, nditanyamula sutikesi, bulangete limodzi ndi sitovu ya parafini. Nyumba anandipatsa ku Msongwe, ya zipinda ziwiri, ndipo bulangete limodzilo ndinazindikira msanga kuti linali nthabwala. Chitumbuka sindinkadziwa ngakhale moni. Tsiku langa loyamba mu wodi ya amuna ndinaika choyezera pachifuwa pa agogo ena n'kuwauza kuti, "Pumani kwambiri, agogo." Iwo anati, "Yewo chomene, mwana wane," nagona pabedi, nafunda bulangete mpaka kumutu. Sisitala NyaMhango, namwino wamkulu wa wodiyo, anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. "Mwawauza kuti apumule, ndiye akupumuladi," anatero. "Kuno timati thutani." Liwu loyamba la Chitumbuka lomwe ndinaphunzira linali limenelo, ndipo ndinaligwiritsa ntchito tsiku lililonse mpaka kupuma kwanga.

Bwana wanga anali Bambo Munthali, kilinikala ofesa wamkulu, munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, wobwera pa njinga yakapalasa kaya kugwe mvula. Sabata yachiwiri anandilanda choyezera chija n'kunditengera kuseri kwa wodi komwe kunali mgolo wotchera madzi a mvula. "A Kamwendo, musasuzumiremo. Ndiuzeni kuti madzi afika pati." Ndinayang'ana mgolo, ndinayang'ana iwo. Anaika chala chapakati cha dzanja lamanzere pamgolo n'kumachigogoda ndi chala cha kumanja, kuyambira pamwamba kumatsika. Pamwamba pankalira ngati ng'oma. Atafika pakati kulira kunafa, kunangoti phi, phi, ngati ukugogoda ntchafu. "Apa," anatero. "Chifuwa cha munthu n'chimodzimodzi. Makina a ekisire amafa, magetsi amazima, koma zala mumabwera nazo m'mawa uliwonse." Mwezi wonse umenewo ndinkagogoda chilichonse, zitseko, ndowa, mpaka chifuwa changa ndikamasamba.

Ndikufotokozereni pang'ono kuti mumve zomwe zikubwerazi. Pakati pa phapo ndi nthiti pali kampata kopyapyala, komwe mwa munthu wathanzi mumangokhala chinyezi choti phapo liziterera akamapuma. Matenda ena, makamaka chifuwa chachikulu, amachititsa kuti m'kampatako mudzaze madzi. Madziwo akachuluka amafinya phapo mpaka limakhwinyata, munthu n'kumabanika ali pamtunda pouma. Chithandizo chake ndi kulowetsa singano pakati pa nthiti, chakumbuyo, n'kuwatulutsa. M'mabuku munali zithunzi za zipangizo zake zapadera, koma ife sitinkaziona. Tinkatenga kanyula, kasingano kokhala ndi kapaipi kofewa komwe timaikira diripi, n'kulumikiza ku chingwe cha diripi, mapeto ake n'kuika m'botolo lopanda kanthu lomwe tinkalikhazika pansi. Bambo Munthali ankabwereza mawu amodzimodzi nthawi iliyonse: "Singano idutse pamwamba pa nthiti, osati m'munsi mwake, chifukwa m'munsi ndi momwe mumadutsa mitsempha ya magazi. Ndipo musachite umbombo. Botolo limodzi ndi theka, basi. Phapo lomwe lakhala lofinyika silifuna kudzidzimutsidwa." Pofika kumapeto kwa chaka ndinali nditachita kasanu ndi kamodzi, koma nthawi zonse iwo ali pambali panga, ndipo nthawi zonse chithunzi cha ekisire chili pawindo.

Epulo, chaka chachiwiri

Linali Lachinayi m'mawa, titangomaliza kuyendera odwala. Bambo Munthali anali atapita kwawo ku Rumphi kukaika maliro a mayi awo, kubwera kwake Lolemba. Makina a ekisire anali atafa masabata atatu, akudikira chitsulo chochokera kutali. Dokotala mmodzi yemwe tinali naye anali ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, ndi amayi awiri oyembekezera ali pamzere. Ndi pomwe anatibweretsera munthu atamukhazika kumbuyo kwa galimoto yonyamula matabwa, chifukwa kugona sankatha. Dzina lake linali Adada Longwe, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Chibanja, kwawo ku Nkhata Bay. Anabwera ndi mkazi wawo, NyaChirwa, ndi mkulu wawo, Adada Yotamu, mkulu wa mpingo yemwe kale anali kalaliki wa khothi, atavala jekete ndi tayi, ambulera ili m'manja. Wodwalayo milomo inali itatuwa, thukuta lili kamukamu pamene tonse tinali m'majuzi, mapewa akukwera ndi kutsika. Ndinawafunsa dzina, analitchula m'zidutswa zitatu. Ndinagogoda kumanja, kunalira bwino. Kumanzere kunali phi kuchokera pansi mpaka pafupi ndi phewa. Nditagwira pakhosi ndinapeza kuti njira ya mpweya yakankhidwira kumanja. Sindinakayike. Madzi anali atadzaza mbali yonse.

Ndinawauza abalewo kuti tiyenera kutulutsa madziwo nthawi yomweyo. NyaChirwa anangogwira pakamwa. Adada Yotamu anamenyetsa ambulera pansi. "Yayi! Singano ya kumsana yayi, adokotala. Mlongo wathu anamuchotsa madzi a pamsana, mawa lake tinanyamula maliro." Ndinawafotokozera kuti ija ndi ina, ija amatenga madzi a m'fupa la msana pofufuza matenda oumitsa khosi, ndipo kawirikawiri chomwe chimapha ndi matendawo, osati singano. Iyi ndi ya m'nthiti, kumbali. Anandimvetsera mpaka kumapeto, monga munthu wozolowera khothi, kenako anafunsa funso lomwe ndinkaliopa. "Mwana wane, iwe wachitapo kangati zimenezi wekha?" Bodza linali pafupi, koma ndinati, "Ndekha sindinachitepo, adada. Ndachita kasanu ndi kamodzi, akuluakulu ali pambali." Iwo anagwedeza mutu. "Yewo poyankhula chilungamo. Ndiye tidikira akuluakuluwo." Ndinati akubwera Lolemba. "Tidikira Lolemba." Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Achimwene anuwa Lolemba safika. Mwina ngakhale mawa."

Ndinatuma uthenga ku fiyeta. Yankho linabwera kudzera pakhomo: adokotala sangatuluke, ali ndi mayi wotaya magazi patebulo, ndichite chomwe ndikuona kuti n'choyenera. Ndinalowa m'kachipinda ka anamwino n'kutsamira khoma. Ndinkadziwa kuti ndikalakwitsa singano ikhoza kuboola phapo, kapena kulasa mtsempha, ndipo popanda ekisire panalibe chondichitira umboni kuti ndinaona bwino. Munthu akanafera m'manja mwanga abale atakana, ntchito yanga ikanathera pomwepo, ndipo Mzuzu yense akanamva kuti mtsikana wa ku Dedza wapha telala. Ndikanangomusiya, n'kulemba m'fayilo kuti abale akana, palibe akanandiimba mlandu. Ndikunena zoona, ana anga, maganizo amenewo anandifikira, ndipo anali okoma. Sisitala NyaMhango analowa n'kutseka chitseko. Sanandilimbikitse ndi mawu ambiri. Anangofunsa kuti, "Zala zakuuzani chiyani?" Ndinati madzi, mpaka kuphewa. "Mukukayika?" Ndinati ayi. "Ndiye mwafunsa mkazi, mwafunsa mkulu wake. Mwiniwake wa nthitizo mwamufunsa?"

Ndinachita manyazi. Ndinabwerera, n'kugwada patsogolo pa Adada Longwe kuti nkhope zathu zilingane, n'kuwafotokozera zonse pang'onopang'ono, choopsa chake ndi ubwino wake, osabisa kuti ndinali ndisanachitepo ndekha. Anamvetsera zonse, chifuwa chikugwira ntchito. Kenako anatambasula dzanja lamanja n'kundionetsa nsonga za zala zawo, zodzaza ndi timabala takale. "Singano," anatero, napuma. "Ine." Napumanso. "Tikudziwana. Sokani." NyaChirwa anaseka misozi ili mbwembwembwe. Adada Yotamu anayamba kulankhula Chitonga mofulumira, koma mng'ono wawo anangokweza chala chimodzi, iwo n'kukhala chete. Pamenepo ndinachita chinthu chomwe sichili m'buku lililonse. Ndinatenga dzanja la Adada Yotamu n'kuliika pamsana pa m'bale wawo, n'kuwagogodera chala chawo chomwe, kumanja kenako kumanzere. Anachita tsinya. "Bwerezani." Ndinabwereza. Anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Ine pano sindichokapo. Ndiona ndi maso anga." Ndinati ndi bwino, ndipo ndikufuna munthu wamphamvu wowagwira mapewa.

Tinawakhazika m'mphepete mwa bedi, atawerama, manja atakumbatira pilo yemwe tinaika patebulo lodyerapo. Sisitala anakoka nsalu yotchinga. Adada Yotamu anapemphera, pemphero lalifupi kwambiri lomwe ndinamvapo kwa mkulu wa mpingo. Ndinawerenga nthiti ndi chala, ndinapukuta ndi sipiriti, ndinabaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kudikira. Kenako ndinalowetsa singano ndi sirinji, ndikukoka pang'onopang'ono. Sipanatuluke kanthu. Ndinakankha pang'ono, singano inagunda fupa. Adada Longwe anabuula. Ndinamva maso a Adada Yotamu akundiwotcha patsaya. Sisitala ananena motsitsa, ngati akukamba za nyengo, "Pachokopachoko, pang'onopang'ono, adokotala, palibe akutithamangitsa." Ndinabweza singano pang'ono, ndinapapasanso nthiti ija ndi chala chamanzere, ndinakweza nsonga kuti ikwere pamwamba pa fupalo. Ndinamva kakuti phu, kofewa, ngati ukuboola chikopa cha ng'oma yonyowa. Mu sirinji munalowa madzi achikasu, oyera bwino, ngati a chinanazi. Ndinangoikweza kuti aione. "Maji!" anafuula Adada Yotamu, ndipo odwala a mabedi ena kuseri kwa nsalu anayamba kufunsana kuti kwagwanji.

Ndinasunga pang'ono zokayeza ku labu, ndinaika kanyula, ndinalumikiza chingwe, madzi n'kuyamba kutsikira m'botolo. Palibe nyimbo yomwe ndinaimva yokoma ngati kudontha kumeneko. Botolo litafika theka mapewa aja anayamba kutsika. Thukuta linauma. Milomo inayamba kubwerera mtundu wake. NyaChirwa anali atagwada pansi akuyang'ana botolo ngati mwana wobadwa kumene. Tinadikira mpaka Adada Longwe, mutu uli pa pilo, maso ali pansi, analankhula chiganizo chawo choyamba chathunthu. "Asisitala, pepani chomene, koma yunifolomu iyi anakusokerani ndani? Mpendero wakhota kuyambira apa mpaka apo." Sisitala NyaMhango, mayi yemwe ankaopedwa ndi madokotala omwe, anayang'ana mpendero wake, kenako anaphulika nako kuseka. Tinaseka tonse, mpaka ine ndinachita kugwira kanyula ndi manja awiri kuti isasunthe.

Nkhondo yachiwiri inabwera kuchokera komwe sindinkayembekeza. Botolo loyamba litadzaza, lachiwiri litayandikira theka, wodwala anayamba kutsokomola pang'ono. Ndinatseka chingwe. Adada Yotamu anadabwa. "Mwatsekeranji? Akutulukabe!" Ndinati zakwana kwa lero. "Yayi, adokotala! Chotsani onse! Munthu sasiya ntchito pakati." Munthu yemweyo, amene ola limodzi m'mbuyomo anamenyetsa ambulera pansi. Ndinawafotokozera kuti phapo lomwe lafinyika masabata ambiri likatambasuka mwadzidzidzi limatupa, ndipo munthu akhoza kubanika kuposa poyamba. Sanakhutire. Anati ndikuchita ulesi, anati mwina mabotolo atithera, anadzipereka kukagula ndowa. Koma apa mantha anali atandichokera. Ndinachotsa kanyula, ndinamata pabalapo, n'kunena kuti, "Adada, m'mawa munandikaniza kuyamba, ndinayamba. Tsopano mukundikaniza kusiya, ndasiya." Anandiyang'ana, kenako anatembenukira kwa Sisitala. "Mwana uyu akanakhala ku khothi, tikanavutika naye." Masana amenewo Adada Longwe anadya phala, ndipo anagona chagada koyamba m'masabata awiri.

Lolemba Bambo Munthali anabwera, mutu atameta. Anawerenga fayilo yonse ali chiimire, tsamba ndi tsamba. Anapita kwa wodwala, anagogoda kumanja, anagogoda kumanzere, anayang'ana pomwe ndinabaya. "Ekisire munalibe." Ndinati munalibe. "Munatulutsa ochuluka bwanji?" Ndinawauza. "Ndani anakuuzani kuti musiye?" Ndinati anayamba kutsokomola. Anatseka fayilo n'kuiika pabedi. "Madzi adakalimo, afunika kutulutsanso lero. Konzani zipangizo, a Kamwendo. Ine ndikugwirirani botolo." Ndipo anagwiradi, atakhala pakampando kakafupi, bwana wanga. M'zaka zonse zomwe ndinagwira nawo ntchito sanandiyamikirepo ndi mawu, koma tsiku limenelo ndinapita ku Msongwe ndikuyenda ngati mapazi sakugunda pansi.

Zoyeza zinaonetsa kuti chinali chifuwa chachikulu, ndipo tinawayambitsa mankhwala a miyezi yambiri. Musaganize kuti onse omwe ndinawatulutsa madzi m'zaka zotsatira zinkawathera chonchi. Ena madziwo ankabwera chifukwa cha khansa, ukatulutsa lero, pakatha masabata awiri adzazanso, ndipo chomwe tinkawapatsa chinali masiku ochepa opuma bwino kuti atsanzikane ndi ana awo. Amenewonso ndimawawerengera ngati ntchito yabwino. Koma Adada Longwe anachira. Ali mu wodi anatumiza kuti awabweretsere singano ndi ulusi, nawongola mpendero wa Sisitala, nasokerera mabatani a odwala anzawo. Adada Yotamu nawo anasanduka mlaliki wathu. Akaona abale ena akukana singano ankawaitanira pambali, n'kuwauza mwaulamuliro kuti, "Imvani kwa ine, ndinaona ndi maso. Ya pamsana ndi ina, ya m'nthiti ndi ina. Ndipo musawakakamize kuti achotse onse, phapo silifuna kudzidzimutsidwa."

Novembala, chaka chomwecho

Loweruka lina masana ndikuchapa panja ndinamva "Odi, odi!" Anali atatu onse, Adada Longwe patsogolo atanenepa masaya, NyaChirwa atasenza phukusi, Adada Yotamu kumbuyo akupukuta thukuta. Anali atayenda pansi kuchokera ku Chibanja. "Ndinawauza kuti tikwere galimoto, akana," anadandaula Adada Yotamu. "Ati akufuna adokotala aone okha. Zitunda zonsezi wofuna kupumira panjira ndinali ine." M'phukusimo munali diresi yobiriwira, ya kolala yoyera, yosokedwa bwino moti ulusi sunkaoneka. Ndinayamba kukana, kuti ntchito yathu silola, koma NyaChirwa anandigwira dzanja. "Iyi si malipiro, mwana wane. Ndi yunifolomu. Mwana wathu wamkazi akukwatiwa Loweruka likubwerali ku Katawa, ndipo adada ake amuperekeza ndi miyendo yawo. Mukufuna mukakhale pakati pathu mutavala za eni?" Ndinafunsa kuti muyeso anautenga liti. Adada Longwe anadzigunda pachifuwa. "Ndi maso. Zaka zonsezi sindinaphonyepo." Ndinalowa kukavala. M'mapewa ndendende, m'chiuno ndendende, koma kutalika kwake inkakwekwereza pansi. Nditatuluka Adada Yotamu anaseka mpaka kukhala pamwala. Adada Longwe anandizungulira kawiri, akukanda mutu, kenako anati, "Ndadziwa. Ndinkakuonani ndili chigonere pabedi. Munthu ukagona, adokotala amaoneka wamtali chomene." Anagwada pomwepo pafumbi, mapini ali kukamwa, n'kuyamba kupinda mpendero uku akung'ung'uza nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinaima phee ndikumvetsera mpweya wawo, wautali, wosadukiza, ukulowa ndi kutuluka m'mphuno.

Kuukwatiko anandikhazika kutsogolo, mbali ya akuchikazi. Nthawi ya madyerero Adada Yotamu anatenga chimkuzamawu kuti atchule alendo, ndipo atafika pa ine anandiimiritsa. "Uyu," anatero akundiloza, "ndi amene analasa m'bale wanga ine ndikuona, ine n'kumuthokoza!" Anthu anaimba nthungululu, amayi ena anabwera kudzandikumbatira, ine ndikufuna pobisala. Nditakhala pansi, mphunzitsi wina wamtali wa mbali ya akuchimuna, yemwe anamukhazika pafupi nane chifukwa mipando inachepa, anandiweramira n'kufunsa m'Chichewa chake cha Chitumbuka, "Pepani adokotala, kodi mumalasa aliyense amene wakhala pafupi? Ndifuna ndidziwe ngati ndisunthe mpando." Ndinamuyankha kuti zimatengera zomwe ndapeza ndikagogoda. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Ndiye ndikhala pompano."

Munthuyo mukumudziwa, ana anga. Ali pakhondepa pamene ndikulemba izi, ndipo akufunsa kachitatu ngati tiyi wapsa.